Wotsala Panja pa Kachisi

Dzina langa ndine LaDawn Thorup. Ndakhala zaka makumi asanu ndi ziwiri m'tawuni imodzi yomweyi, m'chigwa cha pakati pa Utah, kumene nkhukundembo n'zambiri kuposa anthu ndipo pafupifupi aliyense ndi wa mpingo wathu wa Amormoni. Mowa sindinaulawepo, ngakhale khofi sindidziwa kuti amakoma bwanji. Koma chaka chatha ndinatsala pang'ono kupasula ukwati wa mwana wanga, ndipo ndinaswa chinthu china chimene mpaka lero sindidziwa ngati chidzalumikizika.

1

Zinayamba Lachinayi lina mu Epulo, pabalaza panga. Amayi asanu ndi atatu a mumpingo tinkakumana kamodzi pamwezi kukambirana buku limene tawerenga, ngakhale ambiri chinkawabweretsa chinali keke. Tsikulo ndinadabwa kuona kuti palibe amene wanyamula buku limene tinagwirizana. Aliyense anali ndi mapepala m'manja, ndipo onse ankandimwetulira.

"LaDawn, bwanji unatibisira kuti mkamwini wako ndi mlembi?" anafunsa Mlongo LaRue, amene ankatitsogolera.

LaRue ndi mtundu wa munthu amene amakhulupirira kuti kutenga chinthu si kuba ngati uli ndi maganizo odzabweza. Masabata awiri m'mbuyomo anabwera kudzayeza nsalu ya bulangete la mphatso ya ukwati wa mwana wanga Shaylee. Pansi pa nsaluzo anapeza mpukutu wa mapepala omangidwa bwino, wolembedwa kuti nkhani yopeka, ndipo pakona panali kachikwangwani ka malo osindikizira ka dzina la Graham Whitlock, mnyamata wofuna kukwatira Shaylee. Anautenga, n'kuchulukitsa mitu itatu yoyamba, n'kugawira anzathu mwakachetechete kuti andisangalatse. Ine ndinali nditasaka mpukutuwo nyumba yonse, mpaka kuseri kwa firiji.

Nkhaniyo inali ya bambo wina wolemera wa mumzinda waukulu, wa masiku athu ano, amene analota kuti mzindawo uwonongedwa. Anasiya nyumba ndi chuma n'kukweza mkazi ndi ana ake aamuna anayi m'galimoto, ulendo wa kuchipululu. Atafika kutali anawabweza anawo kuti akatenge mabuku a makolo kwa wachibale wina wankhanza. Wamng'ono pa onse anam'peza munthuyo ataledzera, ali thapsa pamsewu, ndipo mawu ena anamuuza kuti amuphe. Anamuphadi, n'kuvala jekete lake.

Alongo anga anaigwira nkhaniyo pakhosi. Connie anati bamboyo anafunika kupita naye kuchipatala cha amisala tsiku lomwe analotalo. Wina anati ana akuluakulu aja, amene ankatsutsa, ndiwo okha anali ndi nzeru pabanjapo. LaRue anati Graham ali ndi luso ndithu, koma nkhani yopeka iyenera kukhala yoti munthu n'kuikhulupirira.

"Ndipo kamnyamata kaja n'kachigawenga basi," anatero. "Mawu ati? Aliyense wopha mnzake amati anamva mawu."

Anaseka onse. Ine ndinali nditagwira mpeni wa keke, ndipo ndinauika pansi. Mlongo Verna yekha, wa zaka makumi asanu ndi atatu, ndiye sanaseke.

"Atsikana, mukum'dziwa amene mukum'tukwanayu?" anafunsa. "Ana aamuna anayi. Mabuku a makolo. Munthu woledzera pamsewu. Nkhani imeneyi ndinakuphunzitsani ine, ena a inu mano akutsogolo asanamere."

Inali nkhani yotsegulira buku lathu lopatulika la Amormoni, limene timawerenga pambali pa Baibulo, nkhani imene tonse timaidziwa kuposa tsiku lathu lobadwa. Anangoichotsera mayina ndi manambala a mavesi, n'kuiveka zovala za lero. Mnyamata amene LaRue anamutcha chigawenga ndi mneneri amene ana athu amamuimbira nyimbo Lamulungu lililonse. Ndinaona nkhope zikufiira mmodzimmodzi, ndipo ndinadziwa kuti manyazi otere sakhalitsa asanapeze woti amulume.

2

Pofika Lamulungu, tawuni yonse inali itamva kuti Graham walemba buku lonyoza chikhulupiriro chathu. Zinali zosavuta kumunenera. Ndi wa ku Oregon, amaphunzira zolembalemba kukoleji, ndipo anali atangobatizidwa chaka ndi theka chapitacho. Ena amene ankamukumbatira dzana anayamba kunena kuti iwo ankamukayikira kuyambira kale.

Ukwati unali pa 14 Meyi, m'kachisi wa paphiri. Kwa ife ukwati wa m'kachisi sutha ndi imfa, umamanga banja kwamuyaya. Koma pakhomo paja salowa aliyense. Umaonetsa chiphaso chimene bishopu amasaina ukayankha mafunso a chikhulupiriro moona mtima, ndipo wopanda chiphaso amadikira pakapinga, kaya ndi kholo la mkwatibwi. Graham anali asanalandire chake.

Bishopu Allred, amene masiku ena onse ndi mlimi wa nkhukundembo, anamuitana. Graham anati sanalembe ndi iye, anangosindikizira munthu wina, ndipo analonjeza kuti sadzamutchula. Bishopu anati ndiye kuti cholembera chake chiyamba chadikira kaye, kufikira atamvetsa bwino.

Shaylee analira m'khitchini mwanga mpaka maso kutupa.

"Amayi, akubisira ine ndemwe. Ndani ameneyu amene akumukonda kuposa ukwati wathu?"

Ndinam'sisita kumsana n'kumuuza kuti tipemphere. Ndikakumbuka zimenezi ndimadzida.

Amuna anga, a Merrill, ndiwo ankandiopsa kwambiri. Kwa zaka makumi awiri akhala akuphunzitsa buku lomwelo m'kalasi ya akuluakulu kutchalitchi, ndipo m'mawa uliwonse ankatiwerengera mavesi tisanadye. Ndinkayembekezera kuti akalipa mpaka denga kugwedezeka. Sananene kanthu. Kunena zoona anali atakhala chete kuyambira mu Malichi, pamene anavulala msana n'kugona pasofa sabata yathunthu. Anapempha kuti wina awagwirire kalasi, ndipo pachakudya ankangoti, "Shaylee, tipempherere." Ine ndinkati ndi msana, kenako ndinayamba kuganiza kuti ndi mkwiyo umene ukuphikidwa.

3

Graham anandipeza Lachiwiri masana, ndikulongedza zogula m'galimoto. Anali atawonda, kolala ya malaya ikuchita kulendewera. Ananyamula thumba langa la ufa n'kuliika bwinobwino, kenako anayang'ana uku ndi uku.

"Mlongo Thorup, ine sindinena. Ndinalonjeza."

"Ndikudziwa, mwana wanga."

"Koma kwatsala masiku khumi ndi asanu ndi awiri. Shaylee dzulo wandifunsa ngati pali mkazi wina." Anatsitsa mawu. "Munandiuza kuti ndi nkhani ya msuweni wanu. Ndinaiwerenga pomanga mapepala aja. Si ya msuweni wanu, eti?"

Ndinalowa m'galimoto, ndinatseka chitseko, ndipo ndinakhala mphindi khumi ndisakupeza pobaya kiyi. Amene analemba nkhani ija ndine.

4

Ndili ndi mwana wina, Kolby, mkulu wake wa Shaylee. Anapita kukalalikira zaka ziwiri ku Peru, anabwerako, ndipo patatha zaka zitatu anasiya mpingo. Pachakudya china cha banja lonse ananena mawu okhudza buku lathu, bambo ake anamuuza kuti achoke patebulo, ndipo iye anachoka m'nyumba momwe. Kuyambira pamenepo awiriwo anali asanalankhulanepo kwa zaka ziwiri.

Ine ndinkamuzembera kumzinda wa Salt Lake kumene ankakhala, ndikunama kuti ndikukagula nsalu. Ulendo wina chakumapeto kwa chaka ndinamuchonderera kuti awerengenso buku lathulo kamodzi kokha n'kupemphera. Kolby anandigwira dzanja.

"Amayi, mumalikhulupirira chifukwa cha chikuto. Mutalivula chikutocho, n'kuchotsa mavesi, n'kulemba pamwamba kuti nkhani yopeka, palibe angalikhulupirire. Ngakhale inuyo."

Mawu amenewo anandiyabwa njira yonse yobwerera. Ine ndine wamakani, ndipo ndagwira ntchito ya ukalaliki pasukulu ya pulayimale zaka makumi awiri ndi zisanu, kotero kutayipa sikundivuta. Ndinadziuza kuti choonadi chimazindikirika ngakhale chitavala ovololo. Ndilemba nkhaniyo ngati yopeka, ndim'tumizira popanda dzina, mtima wake utentha asanadziwe chimene akuwerenga, ndipo akadzazindikira adzabwerera. Ndinalemba miyezi inayi, masana ana akaweruka. Ndinaika zonse zimene malemba satchula, fumbi la m'galimoto, kukangana kwa mayi ndi bambo, nkhope ya munthu wophedwa uja. Ndinapempha Graham kuti asindikize mipukutu iwiri kukoleji kwawo. Umodzi ndinatumiza kwa Kolby, ndipo sanayankhe. Winawo ndi umene LaRue anatola.

Mwina mukufunsa chifukwa chake sindinaulule tsiku lomwelo. Ndinkaopa. Ndaimapo pazenera la kachisi n'kumamvera chisoni amayi odikira pakapinga atavala madiresi atsopano, ana awo akukwatiwa mkati. Ndinkaona bishopu akundilanda chiphaso, ndinkadziona ndili pakapinga pomwepo. Koposa zonse ndinkaona nkhope ya a Merrill. Munthu amene anathamangitsa mwana wake patebulo chifukwa cha chiganizo chimodzi, nanga mkazi wolemba masamba zana limodzi adzamutani?

5

Lamulungu loyamba la mwezi timasala kudya, ndipo m'tchalitchi simukhala ulaliki. Aliyense amene mtima wamukankha amapita kutsogolo kukachitira umboni. La mu Meyi linafika kutatsala masiku ochepa kuti ukwati uchitike.

LaRue anali wachitatu kuimirira. Analira, n'kunena kuti anapusitsidwa kuti anyoze mneneri ndi pakamwa pake, ndipo anati tisamale ndi anthu amene amalowa pakati pathu atavala nkhope zabwino. Sanatchule dzina, anangoyang'ana mzere wathu. Graham anawerama. Shaylee anachotsa dzanja lake m'dzanja la Graham, pang'onopang'ono, n'kuliika pamiyendo pake.

Dzanja limenelo ndi limene linandiimiritsa. Sindikumbuka kuti ndinayenda bwanji. Ndimangokumbuka kuti ndinagwira gome ndi manja onse awiri.

"Abale ndi alongo, nkhani ija analemba si Graham. Ndinalemba ndine. Ndinalembera Kolby."

Ndinanena zina zambiri zimene sindizikumbuka. Kunali khanda limene linkalira kumbuyo, ndipo ndinalithokoza mumtima chifukwa popanda ilo chete wake akanandigwetsa. Nditabwerera pampando, a Merrill sanandiyang'ane. Maso awo anali pa nsapato zawo.

Bishopu Allred anandiitanira mu ofesi yake mapemphero atatha. Anamvetsera zonse akupukuta magalasi, kenako anandifunsa funso limodzi.

"Mlongo Thorup, inuyo bukuli mumalikhulupirira?"

Ndinawauza zoona, kuti inde. Polemba ndinafika pa malo ovuta, ndinagwada kangapo pansi pa desiki la kusukulu, ndipo ndinadzuka ndikukhulupirirabe. Bishopu anapuma mozama n'kunena kuti chimene ndinachita n'chopusa, ndipo kusiya mnyamata wosalakwa akupsa masabata atatu n'choipa kuposa kupusako, koma si kupanduka. Anandiuza kuti ndikapepese Graham ndi Shaylee, ndi LaRue yemwe. Chiphaso changa sanachikhudze, ndipo cha Graham anasaina sabata yomweyo.

Ndinatuluka ndi chimwemwe. Kunyumba ndinadikira chimphepo, koma a Merrill anangoti ndachita bwino kuulula, n'kupita kukathirira mitengo. Ndinaganiza kuti ndapulumuka.

6

Pa 14 Meyi kunacha bwino, chipale chikadali mbee pamwamba pa mapiri. Shaylee analowa m'kachisi msanga kukavala, ndipo ine ndinayenera kumutsatira. A Merrill anali mmodzi wa mboni ziwiri za ukwatiwo, monga amachitira abambo a mkwatibwi. Pakapinga ndinaona Kolby atavala suti yake yakale, atakhala yekha pabenchi. Ndinamubayibitsa, mtima ukupweteka, n'kuyamba kukwera masitepe.

Nditafika pakhomo ndinatulutsa chiphaso, n'kutembenuka. A Merrill anali ataima masitepe atatu m'munsi, manja ali m'thumba.

"Merrill, tachedwa. Mwaiwala chiphaso?"

"Ndinakabweza kwa bishopu Lachinayi."

Ndinatsika. Anthu ankatidutsa akumwetulira, ndipo ine ndinkamwetuliranso ngati chitsiru.

"Ndinawerenga nkhani yako mu Malichi, LaDawn, nditagona pasofa paja. Ndinaipeza pansi pa nsalu. Ndinadziwa kuti ndiwe patsamba lachisanu, pamene mayi uja anakana kukwera galimoto popanda makina ake osokera." Anayesa kuseka koma sizinatheke. "Chimene sindinadziwe ndi nkhaniyo. Ine, mphunzitsi. Ndinafika pa mutu wachitatu n'kunena mokweza, ndili ndekha m'nyumba, kuti mwana uyu ndi wakupha. Kenako ndinazindikira amene ndikumunena."

"Koma ndi mmene ndinalembera ine. Ndinawonjezera zanga. Buku lenileni silitero."

"Unam'patsa mwana wamkazi womudikira kunyumba, munthu wophedwa uja. Unalemba kuti nsapato imodzi inali itavuka. Ndaphunzitsa nkhani imeneyo zaka makumi awiri, sindinamuonepo munthuyo. Tsopano ndikatsegula buku lenilenilo ndimaona nsapato ija. Ndasala kudya, ndapemphera, ndayesetsa. Ndinkati pofika lero zikhala zitabwerera."

Ndinawagwira mkono. Ndinanena chinthu chimene sindinkaganiza kuti chingatuluke m'kamwa mwanga pakhomo la kachisi. Ndinati akanangosunga chiphasocho, n'kulowa lero lokha, palibe akanadziwa.

"Ndikanadziwa ine," anatero. "M'nyumba iyi sindinanamemo, ndipo sindiyamba pa ukwati wa mwana wanga. Ndinalephera kumuuza, ndine wamantha ngati iwe. Lowa, akukudikira. Asasowe tonse awiri."

Ndinalowa. Shaylee ndinamuuza za bambo ake m'chipinda chovalira, ndikumumanga mabatani akumsana, kuti ndisaone nkhope yake. Pampando wa mboni panakhala amalume ake. M'chipinda cha ukwati muli magalasi awiri oyang'anizana, oti ukaima pakati umadziona ukupitirira mpaka kosaoneka, ndipo ine ndi a Merrill tinaimapo zaka makumi atatu zapitazo. Tsikulo ndinakhala kutali nawo. Pamene ankanena mawu a muyaya, Shaylee anagwada atagwira dzanja la Graham, misozi ikutsika, ndipo alendo ankati ndi ya chimwemwe.

Titatuluka ndinawaona pabenchi paja, a Merrill ndi Kolby, mapewa atagundana. Kolby anaimirira n'kundikumbatira, ndipo m'thumba la jekete lake munkaonekera mapepala opindika aja.

"Amayi, aka n'koyamba kuti ndiimalize nkhani imeneyi ndi mtima wonse. Ndinalira," anandinong'oneza. "Koma musayembekezere. Ndinaikonda chifukwa panalibe wondiuza kuti ndilumbire kuti inachitikadi."

7

Papita chaka tsopano. Graham anandikhululukira msanga kuposa mmene ndinayenerera. Shaylee anatenga miyezi inayi kuti ayankhe foni yanga, ndipo nkhani ya tsiku lija sitiikhudza. LaRue amandipatsa moni, koma kagulu ka mabuku kanatha. A Merrill ndi Kolby amapita kukawedza Loweruka, amabwerako akuseka, ndipo ndikanama ndikanena kuti zimenezo sizindisangalatsa. Lamulungu a Merrill amandiperekeza mpaka pakhomo la tchalitchi, n'kudzanditenga mapemphero akatha.

Owerenga anzanga, ena a inu mudzati ndinawatsegula maso amuna anga, ena mudzati ndinawaphera chikhulupiriro. Ine sindikudziwa, ndipo musandilembere makalata ondiuza. Ndikudziwa kuti mapepala omwewo anawerengedwa ndi anthu atatu a m'nyumba imodzi. Ine ndinatsala ndikukhulupirira, Kolby anaikonda nkhaniyo popanda kuikhulupirira, ndipo munthu amene ndinkamuyesa thanthwe ndiye anagwa. Ndinayesa chinthu chimene banja langa lonse linaimapo, osafunsa aliyense, chifukwa chofuna kupambana mkangano ndi mwana wanga. Ngati muli ndi maganizo otere, yambani mwaona amene ali pasofa kunyumba kwanu.

Mantha anga sanathe. Ine ndimakhulupirirabe kuti banja ndi lamuyaya, ndipo kwa munthu wokhulupirira zimenezo, mwamuna wotsala panja satsala tsiku limodzi lokha. M'mawa uliwonse ndimaikabe buku lija pafupi ndi mbale yawo, monga ndachitira zaka makumi atatu. Sanandiletsepo. Amalinyamula ndi manja awiri, n'kuliika pashelefu kuti lisatayikiridwe mkaka, kenako amandifunsa ngati ndagona bwino.